Nkhuyu ya ku Abingdon ndi nyerere zake

Akuluakulu amene anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere ankaganiza kuti akutichenjeza. Iwo ankayesa kuti munthu akangomva za nyererezo ataya nkhuyuyo n'kumapitiriza ulendo wake. Sanadziwe kuti kudzabadwa mtundu wa anthu ofuna nkhuyu chifukwa cha nyerere zomwezo, okonzeka kuwonjezera ndalama ngati nyererezo zachuluka.

Anthu ake alipo, ndipo si amisala a pamsika ayi, ndi anthu ovala masuti. M'chaka cha 2014, kumadzulo kwa France, kunapezeka magalimoto akale pafupifupi 60 amene mkulu wina wa bizinesi ya malole, Roger Baillon, anasonkhanitsa n'kuwasiya m'zisakasa kwa zaka makumimakumi. Pakati pawo panali Ferrari 250 GT California Spider ya 1961, imene katswiri wa mafilimu Alain Delon anayenderapo, itagona pansi pa milu ya magazini akale. Mu Febuluwale 2015 inagulidwa pa okushoni ku Paris pa mtengo wa mayuro opitirira 16 miliyoni. Kwina, galimoto ya Bugatti inakhala pansi pa nyanja ya Maggiore zaka zoposa 70. Anaivuula mu 2009 mbali imodzi itadyeka ndi madzi, ndipo mu 2010 munthu wamutu wake analipira mayuro opitirira 260,000 kuti ikhale yake. Kwathu wogulitsa galimoto amayamba waitsuka, matayala n'kuwapaka polishi. Kumeneko mwana amene angapukute fumbi pa galimoto yotereyi kuti athandize makolo akhoza kumanidwa chuma cha masiye, chifukwa fumbilo nalo lili pa mtengo.

Koma si aliyense amatola Ferrari. Chimene mlamu wanu uja anakwatira ku Mangalande angapeze m'galaja ya malemu apongozi ake ndi MGB, kagalimoto ka mipando iwiri, kadenga kansalu kopindika, kotsika moti munthu wamimba amalowa mopepesa. Timagalimoto timeneti ankatipanga ku Abingdon, pafupi ndi Oxford, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo tonse pamodzi tinapitirira theka la miliyoni, tambiri tinapita ku America. Injini yake ndi ya masilinda anayi, 1798cc, yachitsulo chokhachokha, yosavuta kuimvetsa. Palibe kompyuta, palibe nyali yokuuzani kuti mukaonane ndi makaniko. Ikadwala imangodwala.

Palibe munthu amaimika galimoto kuti igone zaka 25. Amaimika kuti nyengo yozizira idutse, popeza nthawi imeneyo amawaza mchere m'misewu posungunula madzi oundana, ndipo mchere ndi chitsulo sizimwerana madzi. Chisanu chikatha pabadwa mwana, mipando iwiri ija yachepa. Chaka china ntchito yachuluka. Chaka china bondo layamba kuvuta. Pamwamba pa galimoto pabwera makatoni, kenako njinga ya mwana, kenako mtengo wa Khirisimasi wapulasitiki. Chosangalatsa n'chakuti zonsezi zimachitika boma likudziwa. Kuyambira 1998, mwini galimoto yosayenda amayenera kuuza ofesi ya DVLA ku Swansea kuti galimoto yake yagona, ndipo chidziwitsocho amachitcha SORN. Boma limalemba m'kaundula wake kuti yagonadi, koma silitumiza munthu wodzaidzutsa.

Ndiye tsiku lina mlamu achotsa makatoni n'kuvundukula nsalu. Penti yofiira ikuwalabe. Bampala ikupenyetsa nkhope. Mipando ikununkhira zakale zabwino. Pamenepo ndi pamene pamatulukira munthu woopsa kwambiri pa nkhani yonseyi, mnzake wa mlamu amene anabwera kudzathandiza kunyamula makatoni.

"Achimwene, iyi ndi nyuwani iyi. Ingoikani batire, tithire petulo pang'ono, timve ngati ingalire."

Uyu ndiye woponya nkhuyu yonse m'kamwa. Mukamumvera, nyererezo mudzazidziwa zili kale pa lilime.

Tiyeni tizitchule mayina, chifukwa ndi zambiri ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake. Yoyamba ndi petulo. Petulo akakhalitsa, mbali yake yopepuka imauluka, n'kutsala utomoni wofiirira wonunkha penti yakale, umene umamata timabowo ta m'makabyuleta awiri a SU. M'thanki, mpweya wachinyezi umasanduka madontho usiku uliwonse, madonthowo n'kubala dzimbiri, dzimbirilo n'kumadikira mwakachetechete tsiku loyenda ulendo wopita ku injini. Yachiwiri ndi oyilo. Yense anatsikira m'sampu kalekale, mabering'i anauma, ndipo oyilo wakale amakhala ndi asidi amene wakhala akunyambita zitsulo zaka zonsezo popanda womusokoneza.

Yachitatu ndiyo imaliritsa amuna aakulu. Injini ikazima, paliponse pamene yaimira, pamakhala valavu ina yotsala yotsegula. Khomo limenelo lakhala pululu zaka 25 m'dziko limene mvula siipempha chilolezo. Chinyezi chimalowa m'silinda, maring'i a pisitoni n'kugwirana ndi khoma la silindayo. Tsono sitata ilibe chifundo ndipo sifunsa. Mukapotokola kiyi imakankha ndi mphamvu zake zonse, ring'i n'kuthyoka, khoma n'kukandika, ndipo ngati valavu ina inakakamira, kachitsulo koikankha kamapindika. Masekondi asanu a chidwi amabala miyezi isanu ya ngongole.

Kumbali ya madzi nako kuli mudzi. Madzi oziziritsa injini anasanduka matope ofiira, mapaipi a labala anauma n'kung'aluka, ndipo tizitsekero tachitsulo ta m'mbali mwa buloko tadyeka m'kati mpaka kutsala penti yokha. Mafuta a mabuleki ali ndi khalidwe lomwa chinyezi, choncho masilinda a mabuleki achita dzimbiri. Mbale ya kilatchi yamatirira ku fulayiwilo, moti ngakhale muponde pedulo mpaka pansi, ukwati wawo sutha.

Pomaliza pali nyerere zamoyo, zamiyendo inayi ndi mchira. Makoswe a ku Mangalande amaona galimoto yogona ngati nyumba ya boma yopanda lendi. Amasenza thonje la m'mipando kukamanga chisa mu fyuluta ya mpweya, amasunga mbewu mu ekizozi, ndipo mawaya amawatafuna posankha, makamaka amene ali pamalo osafika dzanja. Mibadwo ya makoswe yabadwira m'menemo, yakwatirana m'menemo, ina yaikidwa m'menemo. Inu ndi kiyi wanu ndinu alendo.

Munthu wanzeru amayamba ndi kumasula mapulagi anayi, kuthira oyilo pang'ono kapena dizilo m'mabowomo, n'kupita kukagona. Amadikira masiku, osati maola. Kenako amaika sipanala pa nati yaikulu ya kutsogolo kwa kiranki n'kuyesa kutembenuza ndi dzanja, pang'onopang'ono, akumvetsera. Masiku ano kulinso kakamera ka pa chingwe kolumikiza ku foni, kamene mumakalowetsa pa bowo la pulagi n'kuona m'kati mwa silinda musanamasule kanthu. Makolo athu akanakhala ndi kakamera kameneka, mwambi uja sukanabadwa.

Nthawi zambiri zimene kakamerako kaonetsa zimathetsa mkangano: injini ituluke. Ndipo ngakhale masilinda atapezeka oyera, MGB ili ndi njira yake yokukakamizani. Kilatchi yake simungaifike injini ili m'malo. Giyabokosi situluka yokha chapansi, chifukwa pali chitsulo chopingasa chimene anachiwotcherera ku thupi la galimoto. Choncho kuti musinthe mbale imene mungainyamule ndi dzanja limodzi, muyenera kuzula chinthu cholemera makilogalamu opitirira 150, ndipo ambiri amazula pamodzi ndi giyabokosi yomwe. Amene anakonza zimenezi ku Abingdon anapita kukapuma kalekale, sangayankhe mlandu.

Ntchito imayamba ndi kuchotsa batire, ndipo mlendo amayamba kuchita manyazi pomwepo. Atsegula boneti, mulibe. Atsegula buti, mulibe. Mabatire ali kuseri kwa mipando, pansi pa chivundikiro, ndipo m'magalimoto a zaka zoyambirira alipo awiri, lililonse la mavoti 6. Oyambirira kwenikweni, a chaka cha 1967 chisanafike, analumikiza mbali ya pozitivu ku thupi la galimoto, mosemphana ndi zimene makaniko aliyense wa ku Ndirande anaphunzira. Kenako boneti ichoke. Muyambe mwalemba ndi pensulo pamene mahinji akhalira, apo ayi pobwezera mudzatha sabata ikukana kutseka. Boneti za magalimoto oyambirira ndi za aluminiyamu, zofewa, choncho muiike pamalo pamene mnzanu wa batire uja sangakhalepo.

Apa mlamu atulutsa bokosi lake la masipanala, limene lakhala likumuthandiza pa Toyota yake zaka zonsezi: 10, 12, 14, 17. Palibe imodzi ikukwana. Mabawuti a MGB ndi a mainchesi. Theka la inchi ndi mamilimita 12.7, ndiye kuti 12 ikukana kulowa, 13 ikulowa koma ikugwedera. Wosaleza mtima amati 13 yomweyo ikwana, akoka mwamphamvu, mutu wa nati n'kusanduka wobulungira, chikopa cha zala n'kutsala pa lediyeta. Muyenera kukagula masipanala ena, a 7/16, 1/2 ndi 9/16, n'kuyambiranso masamu a tizigawo amene munawasiya ku pulayimale mukulumbira kuti simudzawafunanso.

Madzi ndi oyilo atsanulidwa, lediyeta yatuluka, makabyuleta achotsedwa. Zimenezi zimayenda bwino mpaka munthu amayamba kuimba mluzu. Mluzuwo umathera pa manati a ekizozi. Awa apsa ndi kuzizira kambirimbiri, kenako agona m'chinyezi kotala la zaka zana, ndipo nati ndi bawuti zinasanduka chinthu chimodzi. Mumathira mafuta osungunula dzimbiri, mudikira. Mutenthetsa ndi moto, mudikira. Mukoka pang'ono, mubweza pang'ono. Ndiye pali mphindi ina imene aliyense wogwira sipanala amaidziwa: chinthu cholimba chija chimangofewa mwadzidzidzi m'dzanja. Mtima umati yamasuka. Mutu umati yathyoka. Mutu ndiwo umalondola, ndipo Loweruka lonse lithera pa kuboola kachitsulo kotalika ngati chala chaching'ono.

Palinso kapaipi kopyapyala kochokera ku injini kupita ku geji ya kutentha. Kamaoneka ngati waya wamba, koma m'kati mwake muli mankhwala, ndipo mukakapinda kwambiri kapena kukadula, geji yonse yatha ntchito. Kameneka kamafuna kukagwira mwaulemu wa kwa apongozi.

Pansi pa galimoto sipaseketsa, choncho ndinena mosaseka: munthu asalowe pansi galimoto ili pa jeke yekha, kapena pa njerwa. Pakhale masitandi achitsulo. Mukatero mugone chagada, dzimbiri likugwera m'maso, mumasule mabawuti anayi a pulopushafiti, chingwe cha sipidomita, kasilinda ka kilatchi, ndi chitsulo chonyamula giyabokosi. Ndodo ya magiya imachotsedwera m'kati. Ndipo giyabokosi nayo muitsanule oyilo, chifukwa mukaiwala idzakukumbutsani yokha ikangopendekeka, pa nsapato zanu.

Kuzula kwenikweni kumafuna anthu atatu. Mmodzi amapopa kireni. Wina amawongolera injini ndi manja kuti isagunde penti. Wachitatu amagwira kapu ya tiyi n'kumapereka malangizo. Injini ndi giyabokosi zikalumikizana ndi zazitali kuposa bowo lotulukira, choncho ziyenera kupendekeka kwambiri, mphuno m'mwamba, mchira pansi, ndipo zimakwera pang'ono, kubwera kutsogolo pang'ono, kukweranso. Zonse zikuyenda bwino. Kenako wa tiyi uja aona kuti galimoto nayo yayamba kunyamuka.

"Imani kaye achimwene, pali chagwira."

"Tamasula zonse, madala. Ndawerenga kawiri."

"Nanga galimotoyi ikutsatira chifukwa chokukondani?"

Chagwira ndi waya wa ethi, kachingwe koluka kolumikiza injini ku thupi la galimoto, kobisala pamalo amdima, kokutidwa ndi girizi. Ndi bawuti imodzi yokha. Anthu amene azula injini kambirimbiri amakaiwalabe, ndipo kakhala kakuchititsa manyazi akatswiri kuyambira 1962.

Injini ikangolendewera pa tcheni, aliyense amajambula chithunzi n'kutumiza ku gulu la pa WhatsApp, ngati ntchito yatha. Apa ndi pamene matenda enieni amayambira, ndipo dzina lake ndi "popeza yatuluka kale". Tinabwerera kilatchi, inde. Koma popeza yatuluka kale, tisinthe tizitsekero ta madzi tija. Popeza yatuluka kale, titsegule mutu wa injini tione mavalavu. Ndipo pamenepo pali chifukwa chomveka: injini zimenezi anazipangira petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza pokhalira mavalavu, koma petulo ameneyo anasiya kugulitsidwa wamba ku Britain mu 2000, ndiye pafunika kuikamo pokhalira polimba. Popeza mutu wachoka, masilinda abooledwe, mapisitoni akhale atsopano. Mapaipi a petulo nawo asinthidwe, chifukwa kuyambira Sepitembala 2021 petulo wamba kumeneko ndi E10, wosakaniza ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100, amene amadya labala wakale. Eni magalimoto akale anadandaula ngati kwagwa maliro. Ife tinangowayang'ana, popeza kwathu petulo takhala tikumusakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982.

Popeza malo a injini ali pululu, tiwapente. Popala penti yakale, sikuludiraiva ingolowa m'chitsulo popanda kukankha. MGB ilibe tchesisi yapadera, thupi lomwelo ndilo mafupa ake, ndipo zitsulo za m'munsi mwa zitseko zikadyeka galimoto imayamba kupindika pakati. Ndiye mwapeza mfumu ya nyerere, imene inakhala pansi pa penti yofiira yowala ija nthawi yonseyi. Aitanidwe wowotcherera.

Tsoka lake n'lakuti masipeya savuta. Akanakhala osowa, munthu akanagonja msanga n'kupulumuka. Koma pafupifupi kanthu kalikonse ka MGB kamapezeka katsopano, ndipo ku Witney kuli kampani ya British Motor Heritage imene kuyambira 1988 imapanga thupi lonse latsopano pogwiritsa ntchito zikombole zakale zomwe zija. Munthu akhoza kusintha thupi, injini, mipando ndi mawaya, n'kumauzabe alendo monyadira kuti iyi ndi galimoto ya malemu apongozi. Za apongoziwo zatsala nambala ndi kiyi.

Madzulo ena mayi a kunyumba afunsa modekha.

"Bambo a ana, ndalama ija tinkasunga ya ulendo wa kumudzi ili kuti?"

"Ili pa tebulo pomwepo, mayi. Mapisitoni anayi onyezimirawo."

Kawirikawiri ndalama zokonzera MGB yotere zimapitirira mtengo umene mungaigulitse ikatha. Eni ake amadziwa, n'chifukwa chake malisiti amawasunga m'galaja, osati m'nyumba.

Koma choopsa chachikulu si ndalama. Ndi tulo tachiwiri. Galimoto imene inagona yathunthu zaka 25 ikhoza kugona zaka zina 10 ili zidutswazidutswa. Injini ili pa sitandi yake pakona. Mabawuti ali m'timabotolo ta jamu, mapepala olembapo mayina anafufutika ndi oyilo. Zithunzi zosonyeza kumene waya aliyense amapita zinali m'foni imene inagwera m'madzi. Buku la malangizo limafotokoza kumasula m'masamba angapo, koma kubwezera limangokuuzani mwachidule kuti muchite zomwezo chobwerera m'mbuyo, ngati kuti bawuti yothyoka ija idzadzilumikiza yokha. N'chifukwa chake m'masamba otsatsa malonda simusowa MGB yolembedwa kuti ntchito inayambika, zonse zilipo. Zonse sizikhalapo. Ndipo wogula amabwera, aona penti, mtima wake n'kudumpha, mwambi uja n'kupeza munthu watsopano.

Komabe ine ndili kumbali ya wozula injini. Mwambiwo sunanene kuti nkhuyu itayidwe. Unangonena zimene zili m'kati, ndipo mwana aliyense amene anakulira pafupi ndi mkuyu amadziwa chochita: amaing'amba, auzira nyererezo, n'kudya. Pa anthu onse a m'nkhaniyi, wogula fumbi ku Paris, mnzathu wa batire, ndi wa kapu ya tiyi, amene wamvera makolo ndi yekhayo wagona chagada pa simenti yozizira.

Ndipo ena amamalizadi. Injini imabwerera m'malo mwake, waya wa ethi n'kumangidwa. Asanaike mapulagi amaizunguza ndi sitata mpaka singano ya oyilo itanyamuka, kuti mabering'i asayambe ntchito ali ouma. Kenako mapulagi, petulo watsopano, tchoko, kiyi. Imatsokomola, ikhala chete, itsokomolanso, kenako igwira, utsi n'kudzaza galaja yonse, anansi n'kutsegula mawindo kuti aone chapsa. Boma nalo limapereka mphatso yake: galimoto yopitirira zaka 40 silipira msonkho wa pamsewu, ndipo kuyambira 2018 sikakamizidwa kukayezedwa MOT, imene ili ngati COF yathu. Ndiye kuti galimoto ya zaka zinayi imakayezedwa chaka ndi chaka, koma iyi imene munali makoswe dzana amaikhulupirira pa mawu a mwini wake. Wanzeru amakaiyezetsabe.

Tisawaseke kwambiri Angerezi, chifukwa matendawa ndi athu omwe, kungoti ife tilibe galaja. Yendani ku Chilomoni, ku Kawale kapena ku Chibavi, musuzumire kuseri kwa mipanda. Mupeza Peugeot 504, Datsun 120Y kapena Land Rover itakhala pa miyala, matayala anapita kalekale, nkhuku zikuikira pa mpando wa dalaivala. Mukafunsa, yankho ndi limodzi dziko lonse: "Ilibe vuto iyi, ikungodikira kasipeya kamodzi kochokera ku Joni." Kasipeyako kananyamuka mwana woyamba ali ku mkaka wa m'mawere, pano mwanayo ali ndi ana ake.

Inu amene muli ndi yotere, musamvere mphwanu amene akubwera Loweruka ndi batire lobwereka. Samutsani nkhuku, masulani mapulagi, thirani dizilo, mudikire sabata. Ikakana kutembenuka ndi dzanja, itanani amakaniko abwere ndi tcheni buloko, musankhe nthambi ya mango yolimba, ndipo wina asakoke tcheni musanagwade n'kuona ndi maso anu kuti waya wa ethi wamasulidwa.